Ndolo za rose gold: kagulidwe, kavalidwe ndi kasamalidwe kake

Mukazungulira mumsika waukulu wa Zomba, kapena kungoona zimene amayi a maoda akuika pa WhatsApp, mupeza kuti ndolo zambiri masiku ano si zachikasu ayi. Ndi zofiirira pang'ono, zopita kupinki, zimene aliyense akungozitchula kuti rose gold. Ine ndimazikonda kwambiri. Pakhungu lathu lakudali zimakhala bwino zedi. Sizithobwa m'maso ngati golide wachikasu, sizituwa ngati siliva, ndipo dzuwa la kumadzulo likazimenya nkhope yonse imaoneka yowala.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna mayi aliyense, mtsikana aliyense, ngakhalenso bambo amene akufuna kugulira akunyumba mphatso, achidziwe asanatulutse ndalama. Wogulitsa akamati rose gold, nthawi zambiri amangonena maonekedwe. Sanakuuzeni chimene ndoloyo anaipangira. Ndolo ziwiri zikhoza kufanana ndendende pathebulo, ina n'kudzavalidwa mpaka ndi mdzukulu wanu, inayo n'kuda mwezi usanathe, khutu n'kuyamba kuchucha madzi.

Yambani mwadziwa kumene kufiirako kumachokera

Palibe mgodi umene amakumbamo golide wapinki. Golide weniweni, kaya wa m'migodi ya ku Johannesburg kaya uja anthu amasefa m'mitsinje ya ku Mangochi, ndi wachikasu. Ndi wofewanso kwambiri, moti kandolo kopangidwa ndi golide yekhayekha kangapindike ndi zala. N'chifukwa chake osula amamusungunula pamodzi ndi zitsulo zina kuti alimbe. Akathiramo mkuwa wambiri, amafiira. Akawonjezeramo siliva pang'ono, kufiirako kumafatsa n'kupita kupinki. Rose gold ndi zimenezo basi: golide, mkuwa, ndi kasiliva.

Kuchuluka kwa golide amakuyeza ndi makarati. Wosasakaniza ndi kalikonse ndi wa makarati 24. Wa makarati 18 ndiye kuti pa magawo 100 aliwonse, 75 ndi golide, ndipo mu rose gold magawo pafupifupi 22 amakhala mkuwa, atatu otsalawo siliva. Wa makarati 14 ali ndi magawo 58.5 a golide. Wa makarati 9 ali ndi magawo 37.5 okha, kutanthauza kuti zitsulo zinazo zaposa golide. Golide akamachepa, mkuwa umachuluka, ndiye kufiira kumakula. Choncho ndolo ya makarati 18 imakhala yofatsa, yopendekera kuchikasu, ya makarati 14 pinki wake amaonekera bwino, pamene ya makarati 9 imayandikira mkuwa weniweniwo.

Apa mwapeza kale muyezo woyamba wopimira wogulitsa. Munthu akakuuzani kuti ndolo zake ndi rose gold wa makarati 24, sakunena zoona, kapena nayenso anangouzidwa. Golide wa makarati 24 mulibe mkuwa, ndiye sangafiire. Ngakhale ndalama ija ya ku South Africa ya Krugerrand, imene inayamba kusulidwa mu 1967, ndi ya makarati 22, ndipo kamkuwa kochepa kamene kali mmenemo kamangoipangitsa kuoneka yoderako kusiyana ndi golide wamba.

Mkuwawu ndi umene umapereka ubwino wonse ndi mavuto onse a chitsulochi. Umachilimbitsa, choncho sichikandika msanga. Mtundu wakenso umakhala paliponse, kunja ndi m'kati momwe. Izi n'zosiyana ndi golide woyera uja, amene amachita kumukuta ndi chitsulo cha rhodium kuti aziyera mbee, ndipo pakapita zaka pamafunika kukamukutanso. Rose gold weniweni, ngakhale atakandika, pansi pake mupezanso pinki yemweyo. Koma mkuwa womwewo ndi umene umada ukakumana ndi thukuta ndi chinyontho, ndipo ndi umene umasiya kachizindikiro kobiriwira kuseri kwa khutu.

Ena amaganiza kuti fashoniyi yabwera ndi mafoni. N'zoona kuti inafalikira kwambiri kampani ya Apple itatulutsa iPhone 6s yamtunduwu mu 2015, kenako mawotchi, zikwama ndi magalasi zonse zinatsatira. Koma chitsulochi n'chakale. M'zaka za m'ma 1800 chinali chotchuka ku Russia moti anthu ankachitcha golide wa ku Russia, ndipo Carl Fabergé ankachigwiritsa ntchito pa zokongoletsa zimene ankapangira banja lachifumu la kumeneko. Mu 1924 kampani ya Cartier ya ku Paris inatulutsa mphete ya Trinity, yolukana timphete titatu: kachikasu, koyera ndi kapinki. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ku America chitsulo choyera cha platinum anachisungira ntchito zankhondo, ndiye osula zokongoletsa anabwerera ku golide wamitundumitundu, wapinki yemwe. Kwathu kuno nako, kukonda chitsulo chofiira pathupi sikunayambe lero. Ku Mankhamba m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la a Kalonga, ofukula zakale anapezako zokongoletsa zamkuwa. Ndimakhulupirira kuti n'chifukwa chake mtunduwu sutidabwitsa. Maso a makolo athu anauzolowera kalekale.

Kenako zindikirani gulu la ndolo imene ili m'manja mwanu

Ndolo zimene zimatchedwa rose gold zili m'magulu angapo, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa mmene maso amaonera.

Zapamwamba ndi za golide thupi lonse. Zimenezi zimakhala ndi kachidindo kakang'ono: 750 kapena 18K, 585 kapena 14K, 375 kapena 9K. Abale athu a ku Joni akamabweretsa mphatso, kawirikawiri imakhala ya 375, chifukwa ku South Africa ndi ku Britain golide wa makarati 9 ndi wofala. Musainyoze. Ndi golide ndithu, ndipo sisupuka.

Zotsatira ndi zimene anamatapo chikhungu chochindikala cha golide pamwamba pa brasi, chitsulo chachikasu chotchipa. Chidindo chake chimakhala ndi zilembo GF, mwachitsanzo 1/20 14K GF, kutanthauza kuti gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera kwake ndi golide wa makarati 14. Zimenezi, mukazisamala, zimatha zaka zambiri.

Pali zina za siliva zokutidwa ndi rose gold. Zimalembedwa 925, nambala ya siliva. Pinki wa pamwambayo akatha, pansi pamatuluka siliva, amene makutu a anthu ambiri amagwirizana naye. Palinso za stainless steel zimene mtundu wake anaumatiza ndi makina mwa njira imene amaitcha PVD. Izi golide amakhalamo wochepa kwambiri kapena osakhalamo n'komwe, koma zimapirira thukuta ndi madzi kuposa zongoviika. Kwa mtsikana wa ku Chanco amene akufuna tindolo tovala tsiku ndi tsiku pa ndalama ya mwana wasukulu, ine ndimalangiza zimenezi.

Ndiye pali zija zodzaza m'misika, zomata pakapepala khumi nthawi imodzi. Pansi pake ndi brasi kapena chitsulo chosakaniza chosadziwika, pamwamba anangoviika. Golide wake, ngati alipo, nthawi zambiri sakwana ngakhale micron imodzi kuchindikala kwake, pamene tsitsi limodzi la munthu limakwana ma micron 50 mpaka 100. Zikakhala ndi chidindo chimakhala GP kapena GEP, koma zambiri zilibe chilichonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti musagule. Ngati mukufuna ndolo zazikulu zofanana ndi anzanu onse operekeza mkwatibwi, zovala Loweruka limodzi, zimenezi zikwanira. Chimene chimandipweteka n'kuona mayi atalipira mtengo wa gulu loyamba n'kupatsidwa za gulu lomalizali.

Pogula chitani izi

Tulukani nayo ndoloyo panja, padzuwa. Magetsi a m'sitolo ndi zithunzi za pafoni zimanamiza mtundu, makamaka pinki. Mukaiona padzuwa, itembenuzeni. Chidindo sichikhala kutsogolo. Chimakhala pakamtengo kolowa m'khutu, pakotsekera kumbuyo, kapena m'kati mwa ndolo yozungulira. Manambala ake ndi aang'ono kuposa njere ya mapira, choncho tsegulani kamera ya foni, muyandikitse, mujambule, kenako mukulitse chithunzicho. Onani ndolo zonse ziwiri, ndiponso zotsekera zake, poti ena amasintha kotsekera kokha.

Yang'ananinso m'makona ndi molumikizira. Ndolo yoviika imayamba kusupuka pamene pamakhuzana: pakolowekera, pakamtengo, m'mphepete. Mukaona kachikasu, kotuwa kapena kakuda kakusuzumira pamenepo, mwadziwa kuti mtunduwo ndi wapamwamba pokha. Izi n'zothandiza kwambiri pa ndolo zimene zavalidwapo kale, monga zopezeka pa kaunjika, kumene nthawi zina mumagwera zabwino zenizeni.

Tengani maginito, ngakhale ochotsa m'sipika yakale ya wailesi. Golide, mkuwa ndi siliva sizikokedwa ndi maginito. Ndolo ikadumphira ku maginito, si golide. Koma ikapanda kukokedwa musathamangire kusangalala, chifukwa brasi sakokedwanso, ndipo stainless steel wabwino amangokokedwa pang'ono kapena ayi. Maginito amangokuthandizani kuchotsa zabodza zoonekeratu. Dziwaninso kuti kotsekera kena kamakhala ndi kasipuling'i kachitsulo m'kati, ndiye yesani thupi la ndoloyo, osati kotsekera.

Chidindo nacho chikhoza kukhala chabodza, choncho muyezo wamphamvu ndi mtengo. Golide amagulitsidwa potengera kulemera, ndipo mtengo wake wa tsiku lililonse uli pa intaneti, m'madola, pa ounce imodzi imene ndi magalamu 31.1. Gawani mtengowo ndi 31.1 kuti mupeze wa galamu imodzi. Ndolo za magalamu awiri zolembedwa 585 zili ndi golide wokwana magalamu 1.17. Chulukitsani, musinthe m'makwacha, ndiye mukumbukire kuti pamenepo simunawerengere wosula, thiransipoti ndi phindu la wogulitsa. Ngati akukuuzani mtengo wotsika kuposa wa golide yekhayo, palibenso chokambirana. Palibe amene amagulitsa golide moluza chifukwa chokukondani.

Ngati mukuika ndalama zambiri, monga za ndolo za ukwati, gulani kwa wosula kapena sitolo ya zokongoletsa imene ingayeze golideyo inu mukuona, ndipo akulembereni lisiti yonena makarati ndi magalamu. Ulendo wa ku Blantyre si wautali poyerekeza ndi ndalama imene mungataye. Kwa a maoda a ku Dubai, China kapena Kariakoo ku Dar es Salaam, funsani mosapita m'mbali: "Achemwali, pansi pakepa ndi chitsulo chanji? Tanditumizireni chithunzi cha chidindo." Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi funso limeneli. Ambiri amayankha okha kuti, "Izi ndi zoviika mayi, koma izi ndi stainless." Ameneyo ndiye woti muzimugula mpaka kale.

Khutu lenilenilo

Apa ndichedwapo, chifukwa ndolo ikhoza kugulidwa ina, koma khutu ndi lomwelo.

Anthu ambiri amene amati "ine ndolo sizindiyanja" vuto lawo si golide kapena mkuwa. Ndi chitsulo chotchedwa nickel, chimene opanga ndolo zotchipa amakonda kuyala pansi asanaviike mtundu wa pamwamba. Pinki uja akasupuka pakamtengo, nickel amakhudza mnofu wa m'bowo. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri khutu limayamba kuyabwa, kufiira, kutuluka timatuza ndi timadzi, kenako kukhakhala. Thupi likangoyamba kudana ndi nickel silisinthanso moyo wonse, ndipo kawirikawiri chimayambitsa ndi kuboola makutu n'kuikamo ndolo yosayenera. Mayiko a mu European Union anachita kuika lamulo loletsa ndolo zotulutsa nickel wopitirira muyezo, koma katundu wambiri wofika m'misika yathu sadutsa kumeneko. Ubwino wa rose gold weniweni ndi woti kawirikawiri mulibe nickel, poti mtundu wake umachokera ku mkuwa.

Kubiriwira kwa kuseri kwa khutu ndi nkhani ina. Kumeneko ndi mkuwa umene wakumana ndi thukuta. Si matenda, ndipo kumachoka ndi sopo. Koma kukayamba kuyabwa, vulani. Ena amapaka kyutekisi woyera pakamtengo kuti chitsulo chisakhudze khungu. Zimathandiza pa tsiku limodzi la mwambo, koma amasupuka msanga, ndipo musayerekeze kutero pa bowo limene silinapole.

Bowo latsopano lisalandire ndolo yoviika, ngakhale ikongole bwanji. Muikemo ya titanium, ya chitsulo chimene amagwiritsa ntchito kuchipatala, kapena ya golide weniweni wa makarati 14 kupita m'mwamba. Ambirife tinabooledwa ndi agogo kapena azakhali ndi singano ndi ulusi, kenako n'kuikamo kaudzu kuti bowo lisatsekeke. Anachita zimene ankadziwa. Lero tikudziwa kuti singano imodzi yoboolera ana angapo ikhoza kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Pitani kwa munthu amene atsegule singano yatsopano inu mukuona, atasamba m'manja ndi kuvala magolovesi.

Mukaboola, bowo la kunsi kofewaku limatenga masabata 6 mpaka 8 kuti lipole. La kumtunda kwa khutu, pachichereechere, limatenga miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu, chifukwa magazi safikako ambiri. Nthawi yonseyi muzitsuka kawiri pa tsiku ndi madzi amchere: wiritsani madzi, muwasiye azizire, muthire kota ya kasupuni kakang'ono ka mchere m'kapu imodzi. Sambani m'manja, nyowetsani kansalu koyera, mupukute kutsogolo ndi kumbuyo, muumitse. Musamaipotokole ndoloyo, ndipo musamathire sipiriti tsiku ndi tsiku, poti amawotcha khungu limene likumera. Khutu likatupa, kutentha, kuwawa mogunda ndi kutuluka mafinya, pitani kuchipatala, kaya ku Matawale kaya ku Zomba Central. Musaizule nokha ndoloyo musanaonane ndi adokotala, chifukwa bowo likhoza kutsekeka mafinya ali m'kati.

Palinso zipsera zija zotupa, zolimba, zimene zimakula kupitirira bala lenilenilo, nthawi zina mpaka kulendewera kuseri kwa khutu. Achipatala amazitcha keloid, ndipo zimakonda kwambiri ife akhungu lakuda, komanso zimayenda m'magazi a banja. Ngati inu, mayi anu kapena achemwali anu ali nazo, ganizani kawiri musanawonjezere bowo lachiwiri ndi lachitatu. Ndolo zongopana pakhutu, zosafuna bowo, ziliponso za rose gold. Langizo lomweli likhudzanso amene akufuna kuboola mphuno kuti avale chipini.

Kwa ana aang'ono, sankhani tindolo tomata tokhala ndi kotsekera kopotokola ngati sikuluu. Kongokankha kamachoka mosavuta, ndipo mwana amaika m'kamwa chilichonse.

Kavalidwe

Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti ndolo zizikhala zomaliza kuvala, zoyamba kuvula. Dzolani mafuta, thirani perefyumu, poperani za m'tsitsi, dikirani ziume, kenako ndolo. Kotsekera musakakanikize mpaka kufinya khutu. Siyani kampata kuti mpweya uzidutsa.

Pa nkhani ya mitundu, rose gold amaoneka bwino kwambiri pa zovala zobiriwira modera, za buluu wakuda, zoyera, zakuda, zotuwa ndi za maruni. Chitenje cha olenji wowala kapena chofiira kwambiri chimamumeza, moti ndolo yaing'ono sioneka n'komwe. Pamenepo valani yaikulupo, kapena mubwerere ku golide wachikasu. Chitenje chikakhala cha maluwa ambiri, ndolo ikhale yosalala, yopanda zambiri. Mukamanga duku lalikulu la pa chinkhoswe, khosi ndi makutu zimatsala poyera, ndiye mpata wa ndolo zolendewera ndi umenewo. Tsitsi lometa kapena lachilengedwe lalifupi limakwanirana ndi zozungulira zapakatikati. Mukaluka meshi yaitali, pewani ndolo zokhala ndi tingowe ndi timaunyolo, zimakola. Pa tsiku lolandira digiri ku Great Hall, chipewa ndi gauni zatenga kale malo, choncho tindolo tomata tokhala ndi ngale kapena kamwala kamodzi n'tokwanira.

Ena amaopa kuphatikiza zitsulo, amati ukavala ndolo zapinki ndiye mphete, tcheni ndi wotchi zonse zikhale zapinki. Ine sindigwirizana nazo. Rose gold amakhala pakati pa siliva ndi golide wachikasu, ndiye amayanjana ndi zonse ziwiri, ndipo mphete ija ya Cartier yakhala ikusonyeza zimenezi kuyambira mu 1924. Chofunika n'chakuti mtunduwo ubwerezedwe penapake, kaya pa chibangili chimodzi kaya pa chomangira lamba wa nsapato, kuti zioneke kuti munachita kufuna.

Miyala imene imakhala bwino pa chitsulochi ina ndi ya kwathu konkuno. Smoky quartz wa ku phiri la Malosa, uja anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu pa Ku Chawe, mtundu wake wodera umagwirizana ndi mkuwa modabwitsa. Ku Mzimba kumapezeka aquamarine ndi rose quartz, ndipo ku Chimwadzulu m'boma la Ntcheu kumachokera ruby ndi sapphire. Mukapeza timiyala tiwiri tosemedwa bwino, wosula akhoza kukuikirani pa ndolo, n'kukhala ndi chinthu chimene palibe wina ali nacho.

Samalani ndi kulemera. Ndolo yolemera, yovalidwa tsiku ndi tsiku, imakoka bowo pang'onopang'ono mpaka limatalika, ndipo tsiku lina limang'ambika. Zolemera zisungireni mwambo wa maola ochepa. Ngati muli ndi mwana kumsana kapena wa m'manja, zozungulira zazikulu ziyambe zapuma, chifukwa kadzanja kake kakalowamo kamakoka ndi mphamvu zonse. Pokwera kabaza wa njinga yamoto, chipewa chija chimakhula makutu povala ndi povula, ndiye ndolo zolendewera ziikeni m'chikwama mukavale mukafika. M'miyezi ya June ndi July, pamene chifunga chimatsika m'phiri, majuzi ndi masikafu oluka ndi amene amazula ndolo mwakachetechete. Usiku vulani, kupatula za bowo latsopano. Neti ya udzudzu imakola tingowe, ndipo kugonera kamtengo kumapindika ndi kubaya kuseri kwa khutu.

Kusamala, kutsuka ndi kusunga

Nyengo ya Zomba siichitira chifundo mkuwa. Mu October ndi November thukuta limayenderera kuseri kwa makutu tsiku lonse, ndipo mchere wa m'thukuta umadya zoviika msanga. Mvula ikayamba, chinyontho chimalowa mpaka m'mawadilopu, nsapato zachikopa n'kuchita nkhungu. Choncho chizolowezi chofunika kuposa zonse n'chaching'ono: mukavula madzulo, pukutani ndolo iliyonse ndi kansalu kofewa kouma, ngati kaja kopukutira magalasi a m'maso, makamaka kamtengo ndi kotsekera. Ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Vulani musanasambe, musanalowe m'dziwe losambiramo la kuhotela, ndiponso musanapite ku saluni kukaika mankhwala owongola kapena odaya tsitsi. Klorini, monga wa mu Jik ndi wa m'maiwe osambiramo, amadya zitsulo zosakanizidwa mu golide, moti ngakhale ndolo yeniyeni imafooka molumikizira n'kuthyoka. Mafuta ena oyeretsa khungu amakhala ndi mercury, amene akakhudza golide amamutuwitsa ndi kumufumbutsa. Koma zimenezo n'zazing'ono poyerekeza ndi zimene mercury amachita ku impso za munthu wodzolayo. Mafuta amenewo asiyeni ndithu, khungu lakuda ndi limene ndolozi zimakongolerapo.

Kutsuka kumadalira gulu. Za golide weniweni, thirani madzi ofunda m'kapu, osati otentha, mudonthezemo sopo wamadzi wotsukira mbale, muziviike kwa mphindi 10 kapena 15. Kenako tengani mswachi wofewa wa mwana, mutsuke mofatsa kuseri kwa mwala ndi m'kati mwa kotsekera, mmene mumadzaza litsiro loyera lonunkha lija. Tsukuluzani m'kapu ina ya madzi oyera, osati pampopi, poti kandolo kakagwera mu sinki kapita. Umitsani bwinobwino musanasunge. Ngati zili ndi ngale, musaviike, ingopukutani ndi kansalu konyowa. Zoviika ndi za 925 nazonso musazinyike kapena kuzikwecha. Kansalu konyowa pang'ono, kenako kouma, basi.

Kolugeti, phulusa, Vim, soda ndi sitiliwulu zisayandikire. Zimawalitsa tsiku loyamba chifukwa zapala pamwamba, ndipo pa ndolo yoviika chimene zapalacho ndi pinki amene munagulayo. Mandimu ndi viniga nazonso zimadya mkuwa.

Posunga, peya iliyonse ikhale payokha, m'kathumba kapulasitiki kotseka kapena kokulunga m'kansalu, kuti zisakandane. Timapaketi tija ta timibulu toyera topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano musamataye. Ikani kamodzi m'kabokosi ka ndolo kuti kazimwa chinyontho, koma kutali ndi ana. Kubafa si kosungira ndolo. Musazimange ndi labala, chifukwa labala amadetsa mkuwa ndi siliva. Paulendo, tengani batani lalikulu la jasi, mulowetse timitengo ta ndolo ziwirizo m'mabowo ake n'kutseka kumbuyo. Zimafika zili pamodzi.

Rose gold weniweni pakapita zaka amaderako pang'ono, kufiira kwake n'kukhwima. Ena amakonda choncho, ine ndili m'gulu lomwelo. Amene sakufuna, wosula amapukuta ndi makina n'kubwerera mwakale. Za siliva zikasupuka zikhoza kukaviikidwanso, kapena kungozivala ngati siliva. Zotchipa zija zikayamba kuonetsa chitsulo cha pansi pakamtengo, nthawi yake yatha, musazikakamize m'khutu. Ngati mbali yolendewerayo ikadali yokongola, gulani tingowe tatsopano ta stainless steel kapena ta siliva, mutsegule kamphete kolumikizira ndi kapulayala, musinthe. Ndipo ndolo ya golide weniweni ikatayika inzake, yotsalayo musaitaye m'dirowa: ikani pa tcheni ikhale ya m'khosi, kapena pitani nayo kwa wosula akaiyeze, chifukwa magalamu akewo ndi ndalama.